Siteshoni ya Akamwini

Alendo akamva kuti m'dziko la Tidzaona muli sitima ya pansi pa nthaka amaseka, poganiza kuti ndi bodza la pamowa. Sitimayo ilipo ndithu, yopakidwa penti wonyezimira, mipando yake yofewa. Kungoti chiigulireni sinayendepo. Amene amadziwa bwino chifukwa chake ndi Gomeyani Kachingwe, mmisiri amene anajambula siteshoni yaikulu ya mumzinda wa Mawalino.

Gomeyani anali munthu wa sukulu, masamu ali thoo m'mutu, koma ankakhala pachikamwini. Nyumba yake inali pamalo a apongozi ake, a Nangondo, kuseri kwa msika wa Gwirapo. Ku Tidzaona mkamwini saonana maso ndi maso ndi mayi a mkazi wake. Akawamva akubwera m'njira amapatukira patchire n'kugwada chofulatira mpaka adutse, kaya pamalopo pali chitedze kaya pali linthumbu. Gomeyani anakwatira Delifa kalekale, ana anali atafika potha kutsutsana naye, koma nkhope ya a Nangondo ankangoimva kwa anthu. Zimene ankazidziwa bwino ndi katsokomoledwe kawo ndi kaliridwe ka musi wawo, pakuti mayiwo ankasinja nsinjiro mumsikamo chiyambire utsikana wawo. Akafuna kumuuza kanthu ankauza mwana wawo, apo ayi ankauza mtondo, mokweza mawu kuti iye amve ali kuseri kwa nkhokwe.

Nkhani ya sitima inayamba ndi chala. Mfumu Kalindiza, mwini wa dzikolo, inapita kunja kukaonetsa chala chakuphazi chimene chinkayabwa. Mfumuyi inkakonda maulendo akunja kwambiri, moti ana ena ankaganiza kuti ntchito yake ndi yoyendetsa ndege. Kumeneko anaikweza sitima yoyenda pansi pa mzinda, ndipo inabwerako mtima uli m'mwamba. Isanasambe n'komwe m'manja inalamula kuti Tidzaona naye akhale ndi yake.

Mumsika wa Gwirapo anthu anailandira nkhaniyo mwaulemu. Wogulitsa makala anangofunsa ngati malo apamwamba atha, popeza sitima yapamwambayo sanaionepo. Mayi wa tomato anamuyankha kuti mwina akuibisa kudzuwa kuti penti angasuluke. Pofika madzulo sitimayo inali italandira dzina loti Mfuko.

Njanji inayenera kuchokera kunyumba yachifumu kukafika kubwalo la ndege, chifukwa ulendo umene mfumu inkaudziwa ndi umenewo. Koma nkhani itafika kwa a Namwinjiro, mayi a mfumukazi, iwo anafunsa kudzera mwa mwana wawo ngati munthu amene anaberekera dziko mfumukazi aziyenda pafumbi pamene mkamwini akuyenda mumthunzi. Funsolo linalibe yankho lina koma njanji yachiwiri, yochokera kumudzi kwawo ku Kwathubasi kukafika kutchalitchi chachikulu. Atazilemba pamapu, njanji ziwirizo zinapingasana pansi penipeni pa msika wa Gwirapo. Gomeyani anapatsidwa ntchito yojambula siteshoni ya pamphambanopo, yoti munthu azitsika sitima ina n'kukwera inzake.

Kwa mmisiri imeneyi si nkhani yosowetsa tulo. Njanji ina imadutsa pamwamba, ina pansi, pakati pamakhala masitepe. Gomeyani anaumba chifanizo cha dongo, n'kupingasa mabango awiri, n'kupita nacho kubwalo la nduna atavala jekete la paukwati wake. Nduna zinaomba m'manja mpaka m'manja kutentha. Kenako anadzuka a Zoonadi, Nduna ya Ulemu ndi Kugwada, munthu amene mawondo a thalauzi lake ankasinthidwa mwezi ndi mwezi ndi boma. Anafunsa kuti bango lapamwambalo ndi la yani. Gomeyani anati ndi la Mwinidziko, monga mmene ziyenera kukhalira.

"Ndiye mukutanthauza kuti Mwinidziko azidumpha apongozi awo m'mawa uliwonse?" anatero a Zoonadi.

Ku Tidzaona kudumpha miyendo ya munthu ndi mlandu wa nkhuku. Kudumpha apongozi athunthu, mutu ndi miyendo yomwe, panalibe ankadziwa chindapusa chake chifukwa chibadwire dziko sizinachitikepo. Nduna ina yokalamba inati si vuto: munthu ukadumpha mwana umadumphanso chobwerera kuti asapinimbire, ndiye sitima nayo ikadumpha izibwerera chambuyo kukafafaniza. Gomeyani anafotokoza mwaulemu kuti ikatero sidzafika kubwalo la ndege. Mfundo imeneyi anaikambirana dzinja lonse.

Mvula itatha anabwerako atatembenuza mabango, la apongozi pamwamba, la mfumu pansi. Apa ndiye a Zoonadi anachita kugwira pamtima. Ku Tidzaona palibe wololedwa kukhala pamwamba pa mutu wa mfumu. N'chifukwa chake ku Mawalino kulibe nyumba zosanja. Mdipiti wa galimoto za mfumu ukamadutsa, othyola mango amatsika m'mitengo, ofolera nyumba amalumpha pansi, ndipo munthu wamtali salembedwa ntchito kunyumba yachifumu. Ngakhale wometa mfumu amameta atagwada, lumo atalimangirira kunsungwi.

Nduna zinalamula kuti mabango onse akhale pamzere umodzi, pasakhale wapamwamba kapena wapansi. Gomeyani anati sitimazo zidzawombana. Anamuyankha kuti imeneyo ndi nkhani ya unduna wa zachipatala, asalowerere ntchito za eni. Chimene chinapha ganizolo ndi choti a Zoonadi anakumbukira kuti sitima zili ndi mawindo, ndipo zisanawombane mfumu ikhoza kuonana maso ndi apongozi ake.

Nthawi yonseyi okumba anali akukumba, chifukwa iwo anauzidwa zoyamba, sanauzidwe zodikira. Mauna anayi ankayandikira msika kuchokera kumbali zonse. Dothi lotuluka mmenemo linasanduka phiri limene boma linalitcha Phiri la Chitukuko, ndipo mbuzi zinaliyamikira kwambiri. Gomeyani anayamba kuonda. Jekete lija linayamba kumulendewera ngati lobwereka.

Nzeru inamupeza patchire. Tsiku lina m'mawa akupita kuntchito anamva kutsokomola kuja kutsogolo kwa njira, ndipo miyendo yake, yozolowera, inamuponyera yokha pachitsamba. Ali chogwada pamenepo, akumva mapazi a a Nangondo akudutsa kumbuyo kwake, anazindikira kuti iye ndi apongozi ake akhala akupingasana njira zaka zonsezi popanda wodumpha mnzake. Chinsinsi chake n'choti wina amaleka kuyenda. Anadzuka akukanda m'miyendo, koma nkhope ikuwala.

Pulani yake inali yoti njanji zonse ziwiri zidulidwe pakati. Iliyonse ikafika pasiteshoni ithere pakhoma. Okwera azitsika, azizungulira wapansi m'tinjira ta mkati, n'kukakwera sitima ina kutsidya kwa khomalo. Tinjirato anatipinda ngati matumbo a nkhuku kuti munthu asaone patali, ndipo m'makoma monse anasemamo timphako, kalikonse kokwana munthu wogwada moyang'ana kukhoma, pansi pake posalala bwino poika mawondo. Mkamwini aliyense womva kutsokomola kodziwika anali ndi pothawira. Nduna zinalira ndi chimwemwe. Zinati azungu ali ndi masiteshoni, koma siteshoni yaulemu ngati imeneyi sanailotepo. Wina anafunsa motsitsa mawu kuti tsopano pakufunika sitima zinayi pamene yogulidwa ndi imodzi, koma anamuyankha ndi dzina la dzikolo, ndipo bwalo linabalalika.

Ntchito inatha, penti n'kuyamba kuuma. Delifa anayamba kuyenda mumsika khosi lili m'mwamba, ndipo a Nangondo anauza mtondo kuti mmisiri wina wake akuoneka ngati ali ndi mutu ndithu. Gomeyani anamva mawu amenewa ali kuseri kwa nkhokwe, ndipo anamukoma kuposa mendulo imene anamuveka kubwalo.

Tsoka linabwera ndi a Zoonadi, amene anatsikira kusiteshoni kukaona ngati pansi pake n'pogwadika. Ataima pokwerera sitima anamva kugunda kochokera kudenga: du, du, du. Anafunsa kuti n'chiyani. Gomeyani anaudziwa musiwo ngati mmene munthu amadziwira mawu a mwana wake, koma anangoti ndi msika, bwana. A Zoonadi anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Nthawi yonse ija anakhala akukangana za bango lapamwamba ndi lapansi, osaona kuti mfumu ikadzatsika muno, pamutu pake padzakhala msika wonse wa Gwirapo, ndi usipa wake, ndi nkhumba zake, ndi chimbudzi chake cholipiritsa.

Lamulo linatuluka tsiku lomwelo, pawailesi ndi pagalimoto ya chimkuzamawu. Msika wa Gwirapo ugumulidwe siteshoni isanatsegulidwe, pamalopo pasesedwe, pasadzamerenso ngakhale bonongwe. Amalonda asamukire pa Phiri la Chitukuko, pamene boma lawakonzera mphepo yabwino. Wogulitsa makala anati akuthokoza kuti boma laganiza zowakweza. Mayi wa tomato anati mbuzi za paphiripo zakhala zikupempherera tsiku limeneli. Anaseka onse, koma kuseka kwake kunali kwa pamaliro, chifukwa aliyense ankadziwa kuti palibe wogula adzakwere phiri kukafuna anyezi.

A Nangondo sanaseke. Atafika kunyumba anakhazika mtondo pabwalo, n'kudikira mpaka atamva Gomeyani akubisala kuseri kwa nkhokwe.

"Mtondo iwe," anatero, "ukamuona mmisiri wina wake umuuze kuti tsiku limene benchi langa lidzagwe, nayenso adzapeza mphasa yake panja. Anabwera pakhomo pano ndi chikwama chimodzi. Chikwamacho ndinachisunga, ndipo zipi yake ikugwirabe ntchito."

Gomeyani anachita mantha, ndipo anali mantha enieni. Mkamwini akathamangitsidwa amachoka yekha. Mkazi, ana, nyumba ndi mtengo wa mapeyala umene anabzala ndi manja ake, zonse zimatsala. Kwawo kunali kutali, ndipo malo a mayi ake anali atadzaza kale ndi amuna a alongo ake, akamwini anzake amene akanamuyang'ana ngati mvula ya pamaliro. Anafunsa Delifa ngati angamulankhulire. Delifa anamugwira dzanja n'kunena kuti amamukonda, koma benchi lija ndi limene linamulera iye ndi abale ake onse, ndipo mayi ake akanena kanthu kwa mtondo sabweza.

M'mawa mwake anakagwada kwa a Zoonadi. Anafotokoza kuti pakati pa msika ndi siteshoni pali dothi lochindikala, pansi pa dothilo pali konkire, pansi pa konkireyo pali zitsulo, ndiye munthu woima mumsika sali pamutu pa wina aliyense. A Zoonadi anamvetsera mwachifundo, kenako anavula chipewa chawo n'kumufunsa kuti munthu atakhala pachipewa chimenechi iwo atachivala, wakhala pati. Gomeyani anadzuka n'kutsazika. Pobwerera anadutsa pamene anaimika mathirakitala ogumulira, ndipo anaona oyendetsa ake akuwapukuta mwachikondi.

Msika usanagumulidwe, mfumu inafuna kukayendera siteshoni yake. Tsiku limenelo amalonda onse anawakankhira kutsidya kwa msewu ndi katundu wawo, mabenchi n'kuwaunjika pambali, kuti kugumula kudzayambe mawa lake. Kwa nthawi yoyamba anthu anaona kuti pansi pa msika wa Gwirapo pali nthaka ngati kwina konse. Mfumu inatsika masitepe ndi nduna zake, nduna zikutsogola chokwawa kuti pasapezeke wotsalira pasitepe yapamwamba. Itafika pansi inayeserera mawu amene idzalankhule potsegulira. Inati mafumu ena amatukula maiko awo chokwera, zimene aliyense angathe, koma Kalindiza yekha ndi amene watukula dziko chotsika. Inati mbadwo ukubwerawu sudzadziwa kuti dzuwa limawotcha. Nduna zinaomba m'manja, ndipo phokosolo linabwerera kuchokera m'tinjira tija ngati kuti khamu ndi lalikulu, zimene zinaisangalatsa mfumu kwambiri.

Ili pakati pofotokoza za chala chija, kunja kunalira hutala.

Hutala ameneyo ankadziwika dziko lonse. Galimoto ya a Namwinjiro inali isanalowepo mu Gwirapo, chifukwa tinjira ta mumsika n'topanikiza ndipo mayiwo ankati fungo la nsomba zouma limawadwalitsa mutu. Koma lero pamalopo panali poyera ngati bwalo la mpira, ndiye galimotoyo inafika mpaka pakamwa pa masitepe. Anali atamva kuti mkamwini akuyendera njanji, ndipo anabwera kudzaona yawo.

Mfumu Kalindiza inaiwala kuti ndi mfumu. Inataya ndodo yachifumu n'kuyamba kuthamanga uku ndi uku ngati nkhuku yolowa m'sitolo. Nduna sizikanaigwira, poti kugwira mfumu ndi mlandu. Amene anaiwala malamulo ndi Gomeyani, chifukwa mantha amenewo ankawadziwa kuchokera m'mafupa. Anaikoka pamkono n'kuilowetsa m'kamphako kapafupi, nayenso n'kudzipanikiza momwemo. Anagwada awiriwo phewa ndi phewa, mphuno zili pakhoma.

Mfumu inapuma mwabefu, kenako inasisita simenti ya pansi n'kunong'ona kuti pamalopo m'posalala bwino. Inafunsa ngati iye ndi amene anaganiza zimenezi. Gomeyani anavomera.

"Nanunso muli nawo?"

"Ndili nawo, Mwinidziko. Ndimakhala pakhomo pawo."

"Inu bola," inatero mfumu. "Anga amakhala pakhomo panga."

Ndipo mumdima wa kamphakomo mfumu inakhuthula zakukhosi. A Namwinjiro anabwera kunyumba yachifumu kudzaona mdzukulu wongobadwa kumene, ndipo mdzukuluyo tsopano ali ndi ndevu. Amadzuka m'mamawa n'kumayendayenda m'nyumba monse, moti mfumu imapita kubafa podzera pawindo. Tsiku lina inagwada kuseri kwa katani kuyambira m'mawa mpaka masana, akazembe a maiko ena akudikira, chifukwa mayiwo anakhala pampando wa pafupi n'kuyamba kuluka. Chala chija sichinayabwepo. Mfumu inkapita kunja kuti ikayendeko choongoka m'nyumba, ngati munthu. Gomeyani anamva chisoni chenicheni, ndipo pang'ono aigwire paphewa.

Pamwamba paja a Namwinjiro anali atatsika m'galimoto. A Zoonadi, atazindikira kuti mayiwo aima pamutu pa mfumu, anakomoka mwaulemu. Mawu a mayiwo anatsika masitepe okha, akuuza mwana wawo mfumukazi kuti akauze amuna ake.

"Dzenje limeneli ine sindilowamo. Pansi pa nthaka ndidzalowa kamodzi kokha, ndipo adzachita kundinyamula."

Gomeyani anamva phewa la mfumu likumasuka. Anaisuzumira chakumbali n'kuona nkhope ya munthu amene wauzidwa kuti mlandu wake watha. Mfumu inanong'ona kuti ndiye kuti muno sadzafikamo mpaka kalekale. Koma mayiwo anali asanamalize. Anati pamwamba pano pokha apakonda, pali kamphepo, ndipo popeza msika wonunkha uja ukuchoka, awamangire khonde pakamwa pa masitepe pomwepa, azidzakhala tsiku ndi tsiku kuyang'anira olowa ndi otuluka. Atatero hutala analiranso, galimoto n'kuchoka.

Mfumu inagunditsa chipumi pakhoma. Ikalowa muno izidzatuluka bwanji, mayiwo ali pakhomo? Gomeyani anaganiza za chikwama chija ndi zipi yake yogwira ntchito. Anadziwa kuti mpata wina ngati umenewu sudzapezekanso.

"Mwinidziko, ndilankhule ngati mkamwini mnzanu. Zaka zonsezi galimoto ija sinafikepo pano. Lero yafika chifukwa pamwambapa tasesapo. Asilikali anu onse sangawaletse mayi aja, mukudziwa inunso. Koma usipa umawaletsa."

Mfumu inafunsa ngati fungolo limakhalapo chaka chonse. Gomeyani anaitsimikizira kuti nthawi yotentha limachita kuwirikiza, ndipo ngati boma lingafune, amayi a nsomba akhoza kusendezedwa kufupi ndi masitepe.

Anawatsira madzi a Zoonadi, ndipo atatsitsimuka anauzidwa zinthu ziwiri: msika ukhale pomwepo, ndipo pamutu pa mfumu pasakhale munthu. Munthu wamba akanati zimenezi sizingatheke, koma a Zoonadi sanafike pa unduna chifukwa chonena mawu otero. Anapempha kuti aganize pang'ono, anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, kenako nkhope yawo inawala. Pofika masana galimoto ya chimkuzamawu inali ikuzungulira mzinda kulengeza kuti, Mwinidziko atafufuza mozama, apeza kuti makolo analakwitsa. Kuyambira lero ku Tidzaona pansi ndi pamwamba, ndipo pamwamba ndi pansi. Pamene pali mfumu ndiye pamwamba, ndipo aliyense woyenda padzuwa ali pansi pa mapazi ake.

Anthu anabweza mabenchi awo mosafulumira. Wogulitsa makala anati iye anazidziwa kale, chifukwa chibadwire sanamvepo kuti ali pamwamba pa chilichonse. Mayi wa tomato anati chomusangalatsa n'choti mitengo ya zinthu, imene yakhala ikukwera chaka ndi chaka, tsopano yayamba kutsika. Okumba zitsime anapempha kuti awaonjezere ulemu poti amagwira ntchito pafupi ndi mfumu. Oyendetsa mathirakitala okha ndi amene anabwerera kwawo okhumudwa.

Sabata isanathe nyumba yachifumu inasamukira kusiteshoni. Mpando wachifumu anauika pokwerera sitima, bogi yoyamba ya sitima ija inasanduka chipinda chogona, yachiwiri chodyera, ndipo mawilo anawatsekera ndi miyala kuti Mfuko angasunthe mfumu ili m'tulo. Maulendo akunja anatheratu, moti m'ndege yachifumu munayamba kuswana nkhunda. Akamwini a mumzinda atamva kuti kuli malo amene munthu angakhale tsiku lonse osamva kutsokomola, anayamba kutsika ndi bawo zawo n'kudzaza timphako tonse. Za kutsegulira njanji sizinamvekenso. Anthu a ku Kwathubasi amapitabe kutchalitchi pa kabaza, ndipo opanda ya kabaza amayenda wapansi, kapena kuti wapamwamba, malinga ndi lamulo latsopano.

Gomeyani anadikira kumva zimene mtondo udzauzidwe, koma masiku anadutsa pabwalo pali zii. Mphasa yake inali m'nyumba, koma chikwama nacho chinali chikadalipo, ndipo mtima wake sunakhazikike. Tsiku lina masana akudutsa mumsika anamva musi uja pafupi. Anakhota kuti azembere kuseri kwa matumba a makala, monga mwa masiku onse. Musi unaleka kulira.

"Bambo a Tiyamike."

Anali a Nangondo, akumuitana ndi dzina la mwana wake. Mawuwo sankapita kwa mtondo, ndipo Delifa panalibe. Gomeyani anagwa ndi mawondo chofulatira, thukuta lili kamukamu.

"Tembenukani. Zimene ndikufuna kufunsa si zotuma munthu."

Msika wonse unaleka kugulitsa. Gomeyani anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuona kwa nthawi yoyamba munthu amene anamugonetsa m'chitedze theka la moyo wake. Anali kamayi kakafupi, ka mpata kumano, maso ake enieni a Delifa. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti ndi woonda kuposa mmene ankamuganizira, ndipo chikwama chija ayamba kusungiramo mtedza.

"Inu ndi amene munajambula dzenje limeneli," anapitiriza a Nangondo. "Mpando wa mfumu uja uli pati penipeni?"

Gomeyani anadzuka. Anayang'ana pakamwa pa masitepe, anayang'ana paipi yotulutsira mpweya, kenako anayenda pakati pa mabenchi, anthu akumupatukira. Anaima pakati pa mayi wa tomato ndi amayi a usipa, n'kuloza pansi ndi chala chakuphazi.

A Nangondo anamuuza kuti anyamule mtondo. Anaunyamula yekha, mmisiri wamkulu wa dziko, n'kuukhazika pamalopo. Mayiwo anathiramo mtedza, analavulira m'manja, n'kuufunsa msika ngati pali wina wodziwa kuwerenga malamulo amene angawatsutse. Panalibe.

"Boma lati ife tili pansi," anatero akukweza musi. "Ndiye iwo kumwambako sangamve kanthu."

Musi unatsika. Amayi ena anayang'anizana, n'kupita kukatenga mitondo yawo, ngakhale amene sankagulitsa zosinja. Mpaka lero nsinjiro za ku Gwirapo ndi zosalala kuposa za msika wina uliwonse, ndipo kusinja kumayamba m'mamawa.